Foni ikulumikizana ndi wailesi ya m'galimoto pa Bluetooth, koma nyimbo sizikumveka

Kondwani walemba:

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa amene amadziwa bwino za mawailesi a m'galimoto, chifukwa vuto limene ndakumana nalo landizunguza mutu. Ndili ndi foni ya Android, ndipo wailesi ya m'galimoto mwanga si imene inabwera ndi galimotoyo, koma ndi yochita kuikamo, yokhala ndi kasikirini kakang'ono ndiponso maikolofoni ya waya imene inapachikidwa pafupi ndi galasi loonera kumbuyo. Kale foni ndi wailesiyi zinkamvana popanda chovuta chilichonse. Ndikangoliza injini zinkalumikizana zokha pa Bluetooth, ndipo nyimbo inkapitirira pomwe ndinailekezera.

Masiku ano zinthu zasintha. Kulumikizanako kukuchitikabe, chifukwa dzina la foni yanga limalembedwa pa sikirini ya wailesi, ndipo timizere tosonyeza mphamvu ya batire ndi ya netiweki timaoneka pomwepo. Munthu akandiimbira, mawu ake amatuluka bwinobwino m'masipika a galimoto, ndipo nayenso amandimva popanda kudandaula. Koma ndikaika nyimbo, m'galimoto mumangoti zii. Pa foni masekondi amayenda kusonyeza kuti nyimboyo yayamba, koma mawu satuluka m'masipika a galimoto, satulukanso pa foni. Chodabwitsa n'chakuti ndikayenda pang'ono nyimboyo imaima yokha, ndipo ndikaiyambitsanso imalira pa kasipika ka foni ngati kuti foniyo sinalumikizidwe ku chilichonse.

Wailesi ya FM ikulira bwino, nyimbo za pa fulashi nazonso zikulira bwino, choncho sindikuganiza kuti masipika kapena mawaya ake ali ndi vuto. Ndayesa kuzimitsa Bluetooth n'kuiyatsanso, ndayesanso kuzimitsa foni yonse, koma palibe chasintha. Wina amene amakonza za magetsi a galimoto anangoyang'ana n'kundiuza kuti wailesiyo yatha ndipo ndigule ina. Mtima wanga sukuvomereza zimenezi, chifukwa sindikumvetsa kuti chinthu chakufa chingamanyamule bwanji mawu a anthu ondiimbira. Kodi vuto lotere limayambira ku foni kapena ku wailesi, nanga ndiyambire pati kufufuza?

Bambo Chisale ayankha:

A Kondwani, musafulumire kugula wailesi ina. Mwaganiza bwino, chifukwa Bluetooth ya wailesi yanu ikanakhala yakufa si bwenzi mukumva anthu okuimbirani. Chofunika kuchimvetsa poyamba n'chakuti foni ikalumikizana ndi galimoto, mawu onse sadutsa njira imodzi. Bluetooth ili ndi njira zingapo, ndipo iliyonse ili ndi ntchito yake. Mawu a munthu amene mukulankhula naye pafoni amadutsa pa njira yotchedwa HFP, imene imanyamula mawu mbali zonse ziwiri, kuchokera ku maikolofoni yanu ndi kubwera ku masipika. Nyimbo, mawu a mavidiyo ndi mawu ena a m'mapulogalamu amadutsa pa A2DP, imene imanyamula mawu kupita mbali imodzi yokha. Palinso AVRCP, imene sinyamula mawu ayi, koma ndi imene imachititsa kuti batani lodumphira nyimbo ligwire ntchito ndiponso kuti dzina la nyimbo lilembedwe pa sikirini. Njirazi zimatsegulidwa payokhapayokha, choncho n'zotheka ndithu kuti ina itseguke, ina n'kukanika. Timizere ta batire ndi ta netiweki timene mukutiona pa wailesi timabwera kudzera pa HFP, ndiye sititsimikizira chilichonse pa nkhani ya nyimbo. Kwa inu HFP ikugwira ntchito, ndipo yofunika kuifufuza ndi A2DP.

Zonse zimene ndinene panozi muchite galimoto itaima, chifukwa kuwonjezera pa ngozi, mawailesi ambiri amakana kulumikiza foni yatsopano galimoto ikuyenda.

Yambani ndi wailesi yeniyeniyo. Dinani batani la Source kapena Mode mpaka pa sikirini palembedwe BT Audio kapena mawu ofanana nawo. Foni ikamaitana, wailesi imadula yokha chilichonse chimene chikulira kuti mumve woimbayo, koma nyimbo sizipatsidwa ufulu umenewo, ndipo wailesi ikakhala pa FM kapena pa USB, nyimbo za pafoni zimafika koma osatulutsidwa. Mawailesi ena amalolanso kuti foni ina ikhale yoimbira, ina ikhale ya nyimbo, ndipo pa mndandanda wa mafoni amasonyeza tizizindikiro tiwiri pambali pa dzina lililonse, kena kooneka ngati foni, kena kooneka ngati chizindikiro cha nyimbo. Onani ngati tonse tiwiri tayaka pa dzina la foni yanu.

Mukatero pitani ku foni. Lowani mu Settings, pa gawo la zipangizo zolumikizidwa, ndipo mudine kachizindikiro ka giya kamene kali pambali pa dzina la wailesiyo. Mupezamo maswitchi, ina ya Phone calls, ina ya Media audio. Ya Media audio ndiyo ya nyimbo. Ikakhala yozima muiyatse, ndipo ikakhala yoyaka kale muizimitse, mudikire pang'ono, kenako muiyatsenso, chifukwa kutero kumakakamiza foni kuti itsegulenso njira ya A2DP popanda kusokoneza ina ija. Nyimbo ikuyenda choncho, dinani batani lokwezera mawu pa foni. Foni imasunga mavoliyumu osiyanasiyana, ya kuitana, ya kulankhulana ndi ya nyimbo, ndipo imatha kukumbukira kuti pa chipangizo chakutichakuti voliyumu ya nyimbo inatsitsidwa mpaka pansi.

Ngati switchi ya Media audio ikubwerera yokha pozima, kapena sikuoneka n'komwe, mufufute kulumikizanako n'kuyambiranso, koma mufufute mbali zonse ziwiri. Apa ndi pamene anthu ambiri amaphonya. Pa tsiku loyamba kulumikizana, foni ndi wailesi zimapangana nambala yachinsinsi imene chilichonse mwa ziwirizi chimasunga. Mukafufuta pa foni pokha, wailesi imatsala ndi nambala yakale, ndipo zimakhala ngati mwasintha loko koma mnzanu akubwerabe ndi kiyi wakale. Choncho pa foni musankhe Forget kapena Unpair, ndipo pa wailesi mulowe pa mndandanda wa mafoni n'kuchotsa dzina la foni yanu. Muchotsenso mafoni akale amene sagwiritsidwanso ntchito, chifukwa wailesi iliyonse ili ndi malire a mafoni amene ingasunge, ndipo mndandanda ukadzaza ena amayamba kuvuta. Kenako muzimitse foni n'kuiyatsanso, muzimitse galimoto n'kuchotsa kiyi mpaka wailesi itazimiratu, ndiyeno mulumikize mwatsopano. Mawailesi a masiku ano amaonetsa manambala 6 amene ayenera kufanana ndi a pa foni, pamene akale amafuna kuti mulembe 0000 kapena 1234.

Kwa ena amene akuwerenga ali ndi vuto lofanana: alipo mawailesi akale, makamaka obwera ndi galimoto, amene ali ndi HFP yokha ndipo A2DP alibiretu. Amenewo sangalize nyimbo pa Bluetooth ngakhale mutasintha chiyani pa foni, ndipo chothandiza ndi kachipangizo kolandira Bluetooth kolowetsa pa bowo la wailesi lolandira mawu pa waya, lotchedwa AUX. Koma za a Kondwani si zimenezo, popeza kale nyimbo zinkalira.

Mayi Nabanda ayankha:

Ndikugwirizana ndi zimene afotokoza a Chisale, koma ndikanakonda kuti musanafufute chilichonse, a Kondwani, muyambe mwayankha funso limodzi: mawuwo akupita kuti? Ngati masekondi akuyenda ndipo kasipika ka foni kali chete, ndiye kuti foniyo ikukhulupirira kuti pali chipangizo chimene chikulandira nyimbozo. Mwina chipangizocho ndi wailesi ya m'galimoto, koma mwinanso si imeneyo.

Chandikopa kwambiri ndi chimene mwanena chija, choti mukayenda pang'ono nyimbo imaima yokha, ndipo mukaiyambitsanso imalira pa foni. Umu ndi mmene foni imachitira ikatayana ndi chipangizo chimene imatumizako mawu. Wailesi ya m'galimoto simungatayane nayo poyenda, chifukwa mukuyenda nayo limodzi. Chimene mungatayane nacho ndi chinthu chimene chatsala m'mbuyo. Kodi kunyumba kwanu kuli sipika ya Bluetooth, kapena TV, kapena kompyuta imene munailumikizapo ku foniyi posachedwa? Bluetooth ya pa mafoni imafika pafupifupi mamita 10, nthawi zina kupitirirapo ngati palibe chotchinga, ndipo imatha kudutsa pa zenera kapena pa khoma lopyapyala. Galimoto ikakhala yoimikidwa pafupi ndi nyumba, foni imakhalabe yogwirana ndi sipika ya m'nyumbayo pa nthawi imene mukuliza injini. Masipika ambiri otere alibe maikolofoni, choncho amatenga njira ya nyimbo yokha n'kusiyira galimoto njira yolankhulirana. Ngakhale foni itakhala yotha kugwirana ndi zipangizo zingapo nthawi imodzi, nyimbo imazitumiza ku chimodzi, kupatula ngati mwachita kuiuza mwadala kuti itumize ku ziwiri. Mawailesi ena nawonso amayesa kutsegula njira ya nyimbo pa nthawi yoyaka yokha, ndipo akalephera pamenepo sayesanso mpaka munthu achite kuwauza.

Kudziwa n'kosavuta. Mutakhala m'galimoto pamalo pomwe mumaimika masiku onse, ikani nyimbo, kenako mutsitse gawo la zidziwitso pa foni. Pa mafoni ambiri a masiku ano, pa kabokosi koonetsa nyimbo imene ikulira pamalembedwa dzina la chipangizo chimene chikutulutsa mawu, ndipo mukadina dzinalo mumapatsidwa mndandanda woti musankhepo. A iPhone amazipeza zimenezi pa Control Centre, pa kachizindikiro ka AirPlay. Werengani dzina limene lalembedwapo. Mahedifoni amene ali m'chikwama kachivindikiro ka kabokosi kake katatseguka pang'ono amachitanso chimodzimodzi, kungoti iwowo nthawi zambiri amalanda ndi mawu a anthu okuimbirani omwe.

Ngati dzina lolembedwapo ndi la wailesi ya m'galimoto koma kuli chete, bwerekani foni ya munthu wina muilumikize. Ikalira, vuto lili pa foni yanu, ndipo ikapanda kulira, vuto lili pa wailesi. Mayeso amenewa amatenga mphindi zochepa koma amadula ntchito pakati, ndipo ndimamva chisoni ndikaona munthu akutaya wailesi yabwinobwino asanawachite. Muyesenso pulogalamu ina yoimbira nyimbo, chifukwa nthawi zina yovuta imakhala pulogalamu imodzi yokha. Amene ali ndi mafoni a Samsung ayang'anenso gawo lotchedwa Separate app sound, limene ntchito yake ndi kutumiza mawu a pulogalamu imodzi ku chipangizo china, ndipo likayatsidwa munthu n'kuiwala, nyimbo zimatsalira pa foni pamene zina zonse zikupita ku galimoto.

Kondwani walembanso:

Zikomo kwambiri Bambo Chisale ndi Mayi Nabanda. Mayi, mwalasa. Dzina limene linali pa kabokosi ka nyimbo linali la sipika ya pabalaza imene imalumikizidwa ku TV, ndipo sipikayo imakhala yoyaka nthawi zonse. Nditasankha wailesi ya m'galimoto pa mndandandawo, nyimbo inayamba kulira pomwepo. Ndachotsa sipikayo pa foni, ndafufutanso kulumikizana kwa foni ndi wailesi mbali zonse ziwiri monga anenera a Chisale, ndipo tsopano ndikaliza injini zonse zikulumikizana zokha.

Komabe patsala tinthu tina timene ndikufuna mundiunikire. Choyamba, mawu a pa Bluetooth ndi otsika kwambiri poyerekeza ndi a FM, moti ndimakweza wailesi kwambiri, ndipo ndikabwerera ku FM phokoso lake limandidzidzimutsa. Chachiwiri, nyimbo zikudukaduka, makamaka ndikanyamula anthu amene ndawayatsira hotspot kuti agwiritse ntchito intaneti ya pafoni yanga. Chachitatu, dzina la nyimbo pa sikirini ya wailesi limakakamira pa nyimbo yoyamba ngakhale zitadutsa zingapo, ndipo batani lodumphira nyimbo limagwira ntchito nthawi zina, nthawi zina ayi. Pomaliza, ndikamagwiritsa ntchito mapu, mawu oyamba a malangizo amadyeka, moti ndimangomva kumapeto kwa chiganizo, osamva ngati ndikhotere kumanja kapena kumanzere.

Tiyamike ayankha:

Achimwene, ndiyambe ndi kudukaduka chifukwa mwatchula kale chimene ndikuchikayikira. Bluetooth imagwiritsa ntchito mafunde a 2.4 GHz, ndipo Wi-Fi nayonso imagwiritsa ntchito mafunde omwewo pa mbali yake imodzi. Bluetooth yonyamula mawu imagawa malo amenewo m'timipata 79, ndipo imadumphadumpha pa timipatato mpaka ka 1,600 pa sekondi imodzi, kwinaku ikuyesetsa kupewa timipata timene tili ndi phokoso. Nzeru imeneyi imathandiza kwambiri pamene phokosolo likuchokera kutali, koma hotspot yanu ili m'foni momwemo, ndipo m'mafoni ambiri Wi-Fi ndi Bluetooth zimagawana kachipangizo kamodzi ndi eriyo imodzi, choncho zimachita kulandirana nthawi. Anthu a kumbuyoko akayamba kuonera mavidiyo, nthawi yotsalira nyimbo imachepa, ndipo khutu limamva kudukako. Lowani pa makonzedwe a hotspot muone ngati foni yanu imalola kusankha mafunde ena a Wi-Fi, a 5 GHz. Ikalola, sankhani imeneyo, ndipo Bluetooth itsala yokha pa 2.4 GHz. Ikapanda kulola, yesani ulendo umodzi hotspot ili yozima kuti mutsimikize.

Muyesenso nyimbo imene inasungidwa m'foni momwemo, osati yochokera pa intaneti. Nyimbo ya pa intaneti imatha kuduka chifukwa choti netiweki yafooka pamalo amene mukudutsa, ndipo Bluetooth imangonamiziridwa. Kusiyana kwake kumamveka: netiweki ikafooka, masekondi a pa foni amaima ndipo nyimbo imayambiranso pomwe inaimira, koma Bluetooth ikaduka masekondi amapitirirabe ndipo kachigawo ka nyimbo kamasowa. Malo oika foni nawonso ndi ofunika. Thupi la munthu lili ndi madzi ambiri ndipo limamwa mafunde amenewa, choncho foni imene ili m'thumba la kumbuyo, munthu ataikhalira, imavutika kufika pa wailesi imene ili pafupi kwambiri. Iikeni poonekera. Ngati kudukako kumayamba sikirini ikazima, pitani pa makonzedwe a batire a pulogalamu yoimbira nyimboyo n'kuichotsera malire, chifukwa mafoni ambiri amapanikiza mapulogalamu amene akugwira ntchito sikirini itazima pofuna kusunga moto. Tchaja yosalongosoka ya m'galimoto imathanso kutulutsa phokoso la magetsi, ndiye muyese kamodzi itazulidwa.

Za kutsika kwa mawu, yambani ndi kukweza voliyumu ya nyimbo pa foni mpaka pamwamba, kenako muzichepetsa ndi kukweza pa wailesi. Mawailesi ambiri ochita kuikamo alinso ndi gawo lolinganiza mphamvu ya mawu a FM, USB ndi Bluetooth payokhapayokha, limene ena amalitcha Source Level Adjustment, ena Volume Offset. Kwezani ya Bluetooth pamenepo mpaka ifanane ndi ya FM. Zikakanika, n'kutheka kuti foni ndi wailesi sizikumvana pa chinthu chotchedwa absolute volume, chimene chinabwera ndi AVRCP 1.4 kuti voliyumu ya foni ndi ya chipangizo cholandira ikhale imodzi. Pa Android chimenechi chimazimitsidwa mu Developer options. Gawo limeneli ndi lobisika, ndipo limaoneka mukalowa pa About phone n'kudina Build number ka 7. Mukalowamo yatsani Disable absolute volume, ndipo muzimitse Bluetooth n'kuiyatsanso.

Mu gawo lomwelo muli Bluetooth AVRCP version, ndipo ndi pamene pali yankho la dzina lokakamira ndi batani losamvera. Foni imakupatsani kusankha pakati pa 1.3, 1.4, 1.5 ndi 1.6. Mawailesi akale amamvana bwino ndi manambala otsika. Kuonetsa dzina la nyimbo ndi la woimba kunayamba ndi 1.3, choncho simutaya zimenezo ngakhale mutatsika mpaka pamenepo. Ine ndikanayamba ndi 1.4, ndipo ikapanda kuthandiza n'kutsika pa 1.3. Mukasintha, muzimitse foni n'kuiyatsanso, ndipo nthawi zina pamafunika kufufuta kulumikizanako n'kulumikiza mwatsopano kuti wailesi izindikire kusinthako.

Chomaliza ndi njira imene foni imapanikizira nyimbo isanazitumize. Chipangizo chilichonse cha A2DP chimayenera kudziwa njira yotchedwa SBC, ndipo zina zimadziwanso njira zina monga AAC, aptX kapena LDAC. Ngati pa makonzedwe a wailesiyo m'foni mwanu pali switchi ya HD audio, izimitseni kuti zibwerere pa SBC muone ngati kudukaduka kutha. M'galimoto imene ikuyenda, injini ikulira ndiponso matayala akusokosera pansi, kusiyana kwa ubwino wa mawu n'kovuta kukumva, pamene kuduka kwa nyimbo aliyense amakumva.

Bambo Chisale ayankhanso:

A Tiyamike afotokoza zoona, koma ndiwonjezere chenjezo pa Developer options. M'gawo limenelo muli zinthu zambiri zosakhudzana ndi Bluetooth zimene zingasokoneze foni, choncho a Kondwani mukhudze ziwiri zokhazo zimene zatchulidwa, mulembe papepala mmene zinalili musanasinthe, ndipo musinthe chimodzi pa nthawi imodzi n'kuyesa musanapite pa china. Mukasintha zinthu zinayi nthawi imodzi vuto n'kutha, simudzadziwa chimene chathandiza, ndipo likadzabweranso mudzayambira pachiyambi. Ine ndikanayamba ndi hotspot ndi kulinganiza mawu pa wailesi, chifukwa zimenezo n'zosavuta kubweza.

Za mapu zatsala, ndipo chifukwa chake chili pa A2DP yomwe ija. Pakakhala kuti palibe mawu oti atumizidwe, foni imaimitsa kaye njirayo pofuna kusunga moto. Malangizo a mapu akabwera, njirayo iyenera kudzutsidwa, wailesi iyenera kuzindikira kuti mawu ayamba n'kutsegula masipika, ndipo zonsezi zimatha kutenga sekondi imodzi kapena ziwiri. Chiganizo cha mapu n'chachifupi, ndiye mawu oyamba amathera m'kudikirako. Mudzaona kuti nyimbo zikamalira vutoli silichitika, chifukwa njirayo imakhala yotseguka kale ndipo foni imangotsitsa nyimbo n'kulowetsa malangizowo. Choncho njira yapafupi ndi kusiya nyimbo zikulira chapansipansi pa nthawi imene mukutsatira mapu. Ngati mukufuna kuyenda muli chete kapena mukumvera FM, lowani pa makonzedwe a Navigation mu Google Maps n'kuzimitsa Play voice over Bluetooth, ndipo malangizo azituluka pa sipika ya foni. Mapulogalamu ena a mapu amalolanso kutumiza malangizo ngati kuti ndi foni yoimbidwa, kutanthauza kuti amadutsa pa HFP n'kudula FM kwa kanthawi. Mawu ake amamveka opyapyala, chifukwa HFP inapangidwira kulankhula basi, ndipo ubwino wa mawu ake ndi wotsika poyerekeza ndi wa nyimbo za pa A2DP. N'chifukwa chakenso nyimbo zimamveka moipa mwadzidzidzi pulogalamu ina ikatsegula maikolofoni, monga pojambula uthenga wa mawu, pakuti foni imasamukira pa HFP, ndipo zimabwerera mwakale pulogalamuyo ikatsekedwa.

Ngati batani lodumphira nyimbo lipitiriza kuvuta ngakhale mutasintha AVRCP, yang'anani nambala ya mtundu wa wailesi yanu, imene imalembedwa kutsogolo kwake kapena m'kabuku kake, ndipo mufufuze pa webusaiti ya kampani imene inaipanga ngati inatulutsa firmware yatsopano, imene ndi pulogalamu yoyendetsa wailesiyo. Makampani monga Pioneer, Kenwood, JVC ndi Sony amaika mafayilo otere pa mawebusaiti awo, ndipo nthawi zambiri amalowetsedwa kudzera pa fulashi. Mutenge fayilo ya mtundu wanu weniweniwo, ndipo magetsi asaduke ntchitoyo ili mkati, chifukwa wailesi imene yazima pakati pa kusinthidwa firmware imatha kukana kuyakanso.

Zofufutiratu zonse zikhale zomaliza. Kabatani ka Reset ka pa wailesi, kamene kamadinidwa ndi nsonga ya cholembera, kamatha kuchotsa masiteshoni amene munasunga ndiponso makonzedwe a mawu. Pa foni, kubwezera makonzedwe a netiweki pachiyambi kumachotsa zipangizo zonse za Bluetooth pamodzi ndi mapasiwedi onse a Wi-Fi, ndiye muyambe mwaonetsetsa kuti mukuwadziwa. Kuchotsa waya wa batire la galimoto sindikukulimbikitsa pa vuto laling'ono ngati ili, makamaka kwa amene ali ndi wailesi yobwera ndi galimoto, chifukwa mawailesi ena otere amafuna nambala yachinsinsi magetsi akabwerera, ndipo amene alibe nambalayo amatsala ndi wailesi yotsekeka.

Mayi Nabanda ayankhanso:

A Kondwani, sipika ya pabalaza ija simunafunikire kuitaya pa foni mpaka kalekale ngati mumaigwiritsa ntchito. Mukhoza kuilumikizanso, ndipo pa giya yake muzizimitsa Media audio pamene simukuifuna, kapena muziizimitsa sipikayo mukamachoka panyumba. Mukadzaiwala, simudzafunikanso kufufuta chilichonse: dinani dzina la chipangizo pa kabokosi ka nyimbo n'kusankha wailesi ya m'galimoto musananyamuke. Mukasintha hotspot kupita pa 5 GHz, muyang'anenso ngati mafoni a anthu amene mumawanyamula akuiona, chifukwa mafoni ena akale ndi ena otsika mtengo amagwira 2.4 GHz yokha, ndipo kwa amenewo hotspot yanu sidzaoneka n'komwe pa mndandanda wa Wi-Fi.